Makolo a ku Mangochi, lekani kuchotsa ana m'kalasi

Ndikulankhula ndi inu makolo anzanga a ku Makanjira, Malindi, Namwera mpaka ku Monkey Bay. Mwana wa Sitandade 6 akuchezera usiku wonse panyanja ndi alovi okoka ukonde wa chilimira, m'mawa n'kumasinza pamchenga anzake ali m'kalasi, inu n'kumasekerera poti wabwera ndi usipa wa ndiwo. Manyazi mulibe kodi?

Mumati nsomba sizitha. Pitani ku Malombe mukafunse akuluakulu kumene chambo chija chinalowera. Ndipo panyanja amalemera ndi mwini boti ndi makoka. Wokoka ukonde amakalamba akukokabe wa eni ake.

Ena mwafika pogulitsa munda kuti mnyamata apite ku Joni asanalembe n'komwe mayeso a Sitandade 8. Alipo amene amanga nyumba za malata ndi ndalama za kumeneko, sindikukana. Koma mwana wosatha kuwerenga ngakhale kalata yomulembera ntchito amakathera pa maganyu, kubisala apolisi, mwinanso kutsekeredwa ku Lindela, kumene amasungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Mwaiwala kale mabasi amene anabweza abale athu mu 2008 ndi 2015, atathamangitsidwa ali chimanjamanja? Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti mtsikana wa zaka 15 mukumupereka kwa mwamuna wa ku Joni chifukwa cha foni ndi zitenje. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Umenewo ndi mlandu, musamati ndi mwambo.

Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994. Pa Mpwepwe pomwepa pali koleji ya za usodzi, ndipo ophunzira kumeneko ndi amene amadzakuuzani malamulo a nyanja yomwe munabadwira. Mukapita kuchipatala kapena ku khonsolo mumadandaula kuti anamwino ndi akalaliki ndi ochokera m'maboma ena. Nanga anu munawatumiza kuti? Olemba ntchito amafunsa satifiketi ya MSCE, safunsa kuti kwanu n'kuti.

Madrasa mwana apite masana akaweruka, jando lichitike pa tchuthi, palibe chikutsutsana ndi sukulu pamenepa.

Inu mafumu ndi makomiti a m'madoko, mumawadziwa ndi maina omwe eni zilimira amene akutenga ana a sukulu usiku. Aitanitseni pabwalo, alipe chindapusa, ndipo kholo la mwanayo likhale pomwepo liyankhe nawo.