Inu ongomeza chilichonse musanalowe m'bwalo, ndikutsinani khutu

Loweruka lapitali ndinakhala pansi pa mtengo pabwalo lina la ku Ndirande kudikira mpira wa anyamata achisodzera. Kutatsala mphindi ngati makumi awiri kuti ayambe, mnyamata wina anatulutsa kajumbo m'sokosi. Munali timapiritsi tosakanikirana, toyera, tachikasu, tina tobiriwira mbali imodzi, popanda kabokosi kapena dzina. Anayi anatambasula manja ngati akulandira mtedza. Wachisanu anabwera ndi botolo la madzi akuda bii, ati wawasakanizira mkulu wina wokonda timu, ndipo botolo lija linazungulira pakamwa pa onse. Nditamuitana mwini jumboyo n'kumufunsa kuti mwanawe, awa ndi mankhwala anji, anandiyankha akuseka kuti, “Madala, ndi ochotsa ululu basi, aliyense amamwa.” Dzina lake sankalidziwa. Yemwe anamugulitsa ku msika nayenso ndikukayika ngati ankalidziwa.

Ine ndanyamula chikwama cha mabandeji m'matimu a m'makwalala muno mu Blantyre kuyambira ena a inu musanabadwe, ndiye ndikamayankhula musandione ngati nkhalamba yodana ndi zamakono. Chondiwawa n'chimodzi. Mwana yemweyu, yemwe akumeza zosadziwika lero, ndiye amene akulota kudzavala yunifolomu ya Flames mawa. Akulota za Joni, akulota za ku Ulaya. Sakudziwa kuti komwe akulotako kuli lamulo lomwe silimva mawu oti “sindimadziwa”.

Lamulolo lili chonchi. Chilichonse choletsedwa pa masewero chopezeka mu mkodzo kapena m'magazi mwako ndi mlandu wako iweyo. Oyeza safunika kupereka umboni woti unkafuna kubera anzako. Akachipeza, waswa lamulo, basi. Zoti anakupatsa ndi kochi, ndi dokotala wa timu, ndi amalume ako kapena bwenzi lako, zimenezo zikhoza kungochepetsako chilango ukakhala ndi umboni wogwirika, koma zotsatira za mpikisano umenewo zimakhala zapita kale. Bungwe loona za mankhwala oletsedwa pa masewero padziko lonse, la WADA, linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Montreal, m'dziko la Canada. Malamulo ake anayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo maboma anawamangirira ndi pangano la UNESCO la 2005, lomwe Malawi alimo. Kuno kwathu kuli bungwe la MADO loyang'anira zomwezi. Choncho asakunamizeni kuti izi n'za azungu. FIFA, CAF, a masewero othamanga, a nkhonya, a ntchemberembaye, onse amayenda pa mzere womwewu.

Tamverani za André Onana, goloboyi wa ku Cameroon uja. Mu 2020 ali ku Ajax, anadzuka tsiku lina asakumva bwino m'thupi. Malinga ndi zomwe iye anafotokoza, anatenga piritsi m'nyumba mwake momwe poganiza kuti ndi lochotsa ululu, osadziwa kuti ndi mankhwala a mkazi wake. Munali furosemide, mankhwala okodzetsa omwe amaletsedwa chifukwa ena amawagwiritsa ntchito pobisa mankhwala ena m'thupi. UEFA inamuletsa kusewera kwa miyezi 12 mu February 2021. Anakadandaula ku khothi la zamasewero la CAS ku Lausanne, oweruza anavomereza kuti sanachitire dala, koma anangomuchotserako miyezi itatu. Miyezi isanu ndi inayi anakhala panja, munthu wokhala ndi maloya ndi madokotala a timu yaikulu kumbuyo kwake. Kolo Touré wa ku Ivory Coast, ali ku Manchester City mu 2011, anamwa mapiritsi a mkazi wake pofuna kuchepetsa thupi, n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi osakhudza mpira. Paul Pogba anapatsidwa zaka zinayi mu 2024, ndipo zinatsika kufika pa miyezi 18 atakadandaula kuti mankhwalawo anali mu zowonjezera mphamvu zomwe dokotala anamupatsa. Ngati njovu zoterezi zinagwa ndi piritsi limodzi la m'kabati, nanga iwe wa ku Bangwe wopanda ngakhale ya minibasi yopita ku Chichiri, udzakafika bwanji ku Lausanne? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye tibwere ku kajumbo kaja. Ndikuganiza kwambiri kuti timapiritsi tina mmenemo tinali tramadol, mankhwala amphamvu ochotsa ululu, chifukwa ndi yemwe anyamata ambiri akumuthamangira masiku ano bondo likawawa. Kuyambira pa 1 January 2024, tramadol ndi woletsedwa pa nthawi ya mpikisano. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake sanali pa mndandanda, lero alipo. Mndandanda wa mankhwala oletsedwa umasintha chaka ndi chaka, watsopano umayamba kugwira ntchito pa 1 January, ndiye kochi yemwe anaphunzira zinthuzi zaka khumi zapitazo osabwererakonso akukusocheretsani mosadziwa. Ndipo tisiye kaye za malamulo. Ululu ndi mlonda wa thupi. Ukamutseka pakamwa mlondayo n'kuthamanga mphindi 90 pa bondo long'ambika, pa bwalo la miyala ngati athu awa, ukadzafika zaka 30 udzakhala ukutsimphina pokwera chitunda cha ku Chilomoni. Ndawaona ambiri, ena ndinkawamanga ndekha mabandeji, ndipo pena ndimadziimba mlandu kuti ndinkawalola kulowa.

Mankhwala a chimfine nawonso musamangowagula pa okala n'kumeza mmawa wa gemu. Ena amakhala ndi pseudoephedrine kapena ephedrine, omwe akachuluka mu mkodzo pa tsiku la mpikisano ndi mlandu. Ephedrine yemweyu ndi amene anathamangitsitsa Diego Maradona ku World Cup ya 1994 ku America. Majakisoni a m'mabondo ochotsa kutupa aja, a gulu la cortisone, ndi oletsedwa onse pa nthawi ya mpikisano kuyambira 2022. Ngakhale dilipi, imene ena mumaikonda mukatopa ndi ulendo wa ku Karonga, lamulo limaletsa kulandira madzi opitirira mamililita 100 pa maola 12 pokhapokha ngati ukulandira chithandizo chenicheni kuchipatala. Madzi wamba a dilipi, opanda china chilichonse, akhoza kukuika pa benchi.

Wina anena kuti nanga tikadwala tisamwe mankhwala? Ayi, sindikutero. Wodwala mphumu, shuga kapena matenda ena ofunika mankhwala omwe ali pa mndandandawo ali ndi njira yake. Dokotala amalemba umboni, wosewera amapempha chilolezo chomwe amachitcha TUE, ndipo akavomereza amamwa mankhwala ake mwamtendere. Chofunika n'kupempha usanayezedwe, osati kuthamanga ndi makalata akuchipatala mkodzo utapita kale. Ndipo musayerekeze kupeka makalatawo. Jemima Sumgong wa ku Kenya, yemwe anapata golide pa mpikisano wa marathoni ku Rio mu 2016, anapezeka ndi EPO, mankhwala ochulukitsa magazi kuti munthu asatope msanga, mu 2017 n'kupatsidwa zaka zinayi. Zitadziwika kuti zikalata za kuchipatala zomwe anapereka zinali zabodza, zaka zija zinakhala zisanu ndi zitatu.

Tsopano za chamba, poti ndi apa pomwe mumandiseka. Mumati boma linaloleza mu 2020. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa omwe ali ndi ziphaso, silinaloleze kuti uzisuta kuseri kwa chimbudzi cha pabwalo usanalowe. Wapolisi akakupeza nacho ndi mlandu ndithu. Kumasewero nakonso chamba n'choletsedwa pa nthawi ya mpikisano, ndipo chimakhalitsa m'thupi mwa munthu wosuta kawirikawiri, moti wosuta Lachinayi akhoza kugwidwa Lamlungu. Malamulo a 2021 anafewetsako chilango: ukaonetsa umboni woti unasuta kunja kwa mpikisano ndipo sizikukhudzana ndi masewero, ndi miyezi itatu, kapena umodzi ukalandira uphungu. Mwezi umodzi ukumveka wochepa eti? Sha'Carri Richardson wa ku America analetsedwa mwezi umodzi womwewo mu 2021, n'kuphonya nawo mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo, chinthu chomwe munthu amachikonzekera zaka zinayi.

Kwa anyamata a kujimu, inu onyamula zitsulo ku Zingwangwa ndi ku Chirimba, nkhani yanu ndi yoopsa kuposa apa. Zitini za ufa zomwe mumaitanitsa ku Joni, zolembedwa kuti minofu m'masabata awiri, palibe amene angakutsimikizireni zomwe zili mkatimo, chifukwa zina zimakhala ndi ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, osalembedwa pa chitini. Ena mwafika pobayana majakisoni nokhanokha m'zipinda. Kwa wosewera, mankhwala a gulu limeneli chilango chake chimayambira pa zaka zinayi. Ben Johnson anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79 ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, dziko lonse linaimirira, patangotha masiku atatu golide anamulanda chifukwa cha steroid yotchedwa stanozolol. Koma ngakhale iwe wosapikisana ndi aliyense, chiwindi, mtima ndi mphamvu ya m'banja sizidikira woyeza. Chifuwa chidzatukuka inde, kunyumba n'kumadzakhala mlandu wa ankhoswe.

Botolo lakuda lija nalo ndilinenepo. Sindikunyoza mankhwala a makolo, inenso ndinakulira mizu. Koma muzu womwe agogo ankakumba okha n'kuudziwa dzina ndi wosiyana ndi madzi osakaniza omwe munthu wabwera nawo m'botolo la fanta, osanena zomwe wathiramo. Ogulitsa ena amaphwanyiramo mapiritsi a kuchipatala kuti kasitomala amve kuti zagwira msanga. Makina oyezera mkodzo sadziwa kuti izi zinachokera kwa sing'anga wodziwika. Safunsa anadya phula.

Mwina simunaonepo mmene kuyezako kumachitikira, poti kuno sikuchitika kawirikawiri, ndipo n'chimene chakupusitsani. Gemu ikangotha, munthu amakupeza, kukuonetsa chiphaso chake, n'kukuuza kuti wasankhidwa. Kuyambira pamenepo sakusiya, ukapita kosintha zovala ali pambuyo pako. Pokodza, munthu wamwamuna ngati ndiwe mwamuna, wamkazi ngati ndiwe mkazi, amaonerera mkodzo ukutuluka, malaya utakweza, kabudula utatsitsa, kuti pasakhale zobweretsa mkodzo wa mng'ono wako m'kachubu. Pamafunika mamililita osachepera 90. Umathira wekha m'mabotolo awiri, la A ndi la B, n'kutseka wekha, ndipo pa fomu umalemba mankhwala onse omwe wamwa masiku asanu ndi awiri apitawo. Tsono iwe wa kajumbo udzalembapo chiyani? Kuti toyera tiwiri ndi kachikasu kamodzi? Ukakana kuyezedwa kapena kuzemba pakhomo la kuseri, amakulanga ngati wapezeka nawo. Mabotolowo akhoza kusungidwa mpaka zaka 10 n'kudzayezedwanso makina atapita patsogolo. Osewera akuluakulu amauzidwanso kuti azinena komwe akupezeka tsiku lililonse, ndipo kuphonya katatu pa miyezi 12 ndi mlandu pawokha. Wilson Kipsang, yemwe anakhalapo ndi mbiri ya dziko lonse pa marathoni, analetsedwa zaka zinayi mu 2020 pa nkhani ya kusapezeka ndi kupereka zifukwa zabodza, popanda mankhwala alionse opezeka m'thupi mwake.

Chiletso chikagwa, musaganize kuti n'chimodzimodzi ndi kadi yofiira yoti ukhala magemu awiri. Sumaloledwa kusewera, sumaloledwa ngakhale kuchita zokonzekera ndi timu yako mpaka chakumapeto kwenikweni kwa chilangocho, ndipo chiletso cha kumpira chimakutsatira ukathawira ku masewero ena. Mnyamata wa zaka 22 akapatsidwa zaka zinayi, pobwerera malo ake atenga ena, mimba yatuluka, kontilakiti inatha kalekale.

Mawu anga olemera ndawasungira akuluakulu anzanga: makochi, ma timu manejala, onyamula zikwama ngati ine, ndi inu masapota a ndalama omwe mumalowa m'chipinda chosinthira ndi timabotolo m'thumba la jekete. Mwana amakhulupirira dzanja lomwe lamupatsa. Akamamwa chomwe mwamupatsa, akumwa chifukwa amakulemekezani. Lamulo silinakuiwaleni: wopatsa wosewera mankhwala oletsedwa kapena kuwagulitsa amaletsedwa kuyambira zaka zinayi mpaka moyo wonse, ndipo zikakhudza mwana wosakwana zaka 18 mlandu umakula kwambiri. Anzathu a ku Kenya, atatopa ndi manyazi, anakhazikitsa lamulo la dziko mu 2016 loti ogulitsa ndi obaya mankhwalawa azitha kukalowa m'ndende. Musadikire kuti nafenso tifike pamenepo. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi chitini cha ufa chomwe mtengo wake ukuposa thumba la chimanga, mufunseni wachitenga kuti.

Mnyamata wa kajumbo uja ndinamulanda jumboyo, anandikwiyira, ndipo anzake anandinena kuti madala awa ndi ansanje. Ndinapita nayo kwa wogulitsa mankhwala wovomerezeka ku Limbe Lolemba. Anayang'ana, anatembenuza piritsi lililonse, anazindikirapo mitundu iwiri yokha. Enawo anati sangayerekeze kutchula, ndipo anandiuza kuti ndisampatse munthu. Loweruka likubwerali ndikhala pansi pa mtengo womwewuja. Amene ali ndi mankhwala abwere nawo m'kabokosi kake, dzina likuoneka, tiwerenge limodzi asanavale nsapato.