Pass Out, Pass Away ndi Timawu Tina Tomwe Tikutinyazitsa ku UK

Mlongo wathu wina, wakwathu komweko, amuitanira ku ofesi dzulo chifukwa cha kamawu kamodzi. Gogo wina wa panyumba yosamalira okalamba anakomoka kubafa. Mlongoyu anachita zonse bwinobwino: kumugoneka chammbali, kuliza belu, kuitana nesi. Atamuuza kuti aimbire achibale, anatenga foni n'kunena kuti "Your mum has passed away." Ankafuna kunena passed out. Pass out ndi kukomoka, pass away ndi kumwalira. Mwana wa gogoyo anabwera akulira njira yonse, kufika n'kupeza mayi ake ali pampando akumwa tiyi. Lero kuli kalata yodandaula, ndipo anzake pashifiti akumuseka chamseri.

Nanga tinapitiranji kusukulu, abale? Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse m'Chizungu, MSCE osaiona ukalephera Chizungu, kenako mayeso a Chizungu olowera kuno, IELTS yolipira ndalama zoti munthu akanagula malata. Tinaloweza postpone, terminate, accommodate, ndipo kalata yofunsira ntchito timailemba mpaka bwana kugwedeza mutu. Kufika kuno palibe amene amayankhula choncho. Anthu ake amatenga mneni wa mwana wamkaka, get, put, take, go, n'kumatako up, off, out kapena in, basi tanthauzo lasanduka lina. Aphunzitsi amawatcha ma phrasal verb. Ife madolo a galamala, amene tinkakonza Chizungu cha anzathu paminibasi, tikungoti "yes, yes" ndi mano panja chilichonse osamva.

Tengani go off. Mwini wake akati "the alarm went off", Mmalawi amamva kuti alamu yazima, poti off ndi kuzimitsa. Ayi, yalira. Akati "the milk has gone off", mkaka wasasa, tayani, musathire mu tiyi wa gogo. Akati "she's gone off her food", gogo sakufunanso chakudya, ndipo zimenezo mukuyenera kuzilemba m'buku la tsiku, apo ayi akaonda mlandu ndi wanu. Mawu amodzimodziwo, nkhani zitatu. Ndiye mubwere ndi "put off the light" wathu wakumudzi uja. Kuno nyali amati turn off kapena switch off. Put off ndi kusunthira chinthu tsiku lina, kapena kumugwetsa munthu ulesi. Ukati "put off the heater" amakuyang'ana kaye, kenako n'kukubwereza mawu pang'onopang'ono ndi kamawu kaja koyankhulira ana.

Za ndalama ndiye zimandiwawa zedi. Akati "can you pick up a shift on Sunday", sakukutuma kukatola kanthu, akukupatsa shifiti yoonjezera. Ukavomera amati "I'll put you down for Sunday", kutanthauza kuti dzina lako lalowa pandandanda. Usabwere Lamulungu limenelo uone: "you didn't turn up", wajomba, ndipo abwana will write you up, kukulembera lipoti lolowa mufailo. Write down ndi kungolemba pena pake. Write off ndi zimene a inshuwalansi amanena galimoto yako ikaphwanyika mopitirira mtengo wake. Ukadwala suyenera kutumiza kauthenga kwa mnzako ngati kumudzi, umayenera call in sick, kuimba wekha foni shifiti isanayambe. Masiku 7 oyamba umadzichitira umboni wekha, kupitirira apo pamafunika fit note, kalata yakuchipatala yotsimikiza kuti ukudwala, ndipo dokotala akakupatsa amati he has signed you off. Koma call off ndi kulephereka kwa msonkhano. Anthu aluza malipiro atsiku lonse chifukwa cha in ndi off.

Ndipo musaiwale kuti viza yamangiriridwa kwa bwana yemweyo. A boma la UK anatsegula khomo la viza ya osamalira okalamba mu February 2022, tinathamanga, mu March 2024 anati osabweretsanso mabanja, mu July 2025 khomo la atsopano ochokera kunja analitseka. Ntchito ikatha amakupatsa masiku 60 kuti upeze bwana wina wokulembera viza. Ndiye bwana akamwetulira n'kunena kuti "we'll have to let you go", osathokoza poganiza kuti akukulola kuweruka msanga. Akukuchotsa ntchito. Lay off ndi momwemo, koma chifukwa ntchito yachepa. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma matope ake asamabwere atavala suti.

Koma out ndi away uja! Pantchito yathuyi timawu tamatenda ndi tomwe munthu amayenera kuuzidwa tsiku loyamba, asanagwire ngakhale thaulo. Throw up kapena bring up, kusanza. Come down with, kuyamba kudwala chimfine kapena zina zotero. Flare up, nthenda yakale yayambiranso. Come round, kutsitsimuka utakomoka, ngakhale mawu omwewo akanena neba ndiye kuti akubwera kudzacheza. Pull through, kupulumuka pamatenda aakulu. Ukaimba 999, nambala ya zadzidzidzi, n'kupempha ambulansi, funso lawo loyamba ndi loti kodi munthuyo akupuma, lachiwiri ngati ali maso. Ngati mutu wasokonezeka, siyani zokometsera: "she fainted, she is breathing." Ngati wamwaliradi, died ndi mawu osasokoneza aliyense, ndipo kawirikawiri si ntchito ya wosamalira kuuza achibale, ndi ya nesi kapena abwana. Maphunziro olandirira antchito atsopano amatha maola akukuonetsa mavidiyo akanyamulidwe ka bokosi, koma ndani anakhalapo naye pansi mlongo uja kumuuza zimenezi?

Pafoni ndiye kumanda kwenikweni. Hold on, hang on, bear with me, onsewo akuti dikira. Hang up ndi kudula foni. Mawu awiri oyandikana chonchi, wina akuti dikira, wina akuti dula, ndipo ukadula wabwerera kumapeto kwa mzere, kanyimbo kaja kuyambiranso. "I'll put you through", akukulumikiza kwa munthu wina. "You're breaking up", sakunena za banja lako, netiweki ikuduladula. Nanga "I'll get back to you"? Mtanthauziramawu amati adzakuyankha. Ine ndikuti chase it up, uwalondole wekha, ndi imelo yokhala ndi deti, chifukwa landilodi amene walonjeza kuti he will sort out nkhungu yakuchipinda amakumbukira tsiku la lendi lokha.

Magetsi nawo. Mayunitsi tinkawadziwa kale, kuno amati top up: kiyi kapena khadi kupita nalo pashopu, kulipira, kudzalowetsa mumita. You run out usiku, pali kangongole kadzidzidzi komwe amadzadula ukadzathiranso, ndipo kandalama katsiku ndi tsiku kamadulidwabe ngakhale usanayatse kanthu. Zinyalala you take them out ku bini, koma mabini you put them out pamsewu usiku woti mawa galimoto ibwera, la mtundu wolondola. Ukalakwitsa amalisiya pomwepo ndi kapepala.

Ndiye pali kagalamala kake kamene kamatiulula ngakhale tanthauzo talidziwa. Ena mwa timawuti amalola kugawidwa: pick up the parcel kapena pick the parcel up, zonse zili bwino. Koma ukaika mlowam'malo, it, her, them, ayenera kukhala pakati: pick it up, drop her off, fill it in. Osati "pick up it". Ena salola kulekanitsidwa: look after her, osati "look her after". Ena amayenda atatu: run out of, put up with, get on with. Ndipo ife tili ndi chizolowezi chodula kamchira, "I'll pick you at six", "drop me at the stage". Kwathu zimamveka. Kuno pick wopanda up ndi kusankha. Knock off yekha ndiye anatichitira chifundo, ndi kuweruka uku ndi uko, bola musamunene pa nsapato za mnzanu, poti pamenepo mukuti n'zafeki.

Njira yake si kuloweza mndandanda wa mazana ngati ma past paper. Kabuku m'thumba la yunifolomu, kulemba chiganizo chonse mmene wachimvera, ndani wanena, kuti. Pa handover, pamene ausiku akusiyira am'mawa, funsani mobwereza: "do you mean she fainted?" Safunsa anadya phula. Koma ifenso Amalawi tili ndi nthenda: wobwera kale amaseka wobwera kumene, nkhani yake n'kuifalitsa pa WhatsApp ndi tizithunzi toseka, pomwe iye mwini mpaka lero amati "fill up the form".

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mlongo uja ali ndi ana awiri kumudzi amene lamulo silimulola kuwabweretsa. Fizi, feteleza, mankhwala a shuga a mayi ake, zonse zikudikira mapaundi ake, ndipo kumudzi akuganiza kuti akudya bwino. Munthu amene amasambitsa makolo a eni, kuwasintha matewera, kuwadyetsa ndi supuni, mayi ake omubereka akusamalidwa ndi mwana wa mchemwali wake, sayenera kunjenjemera pakhomo la ofesi chifukwa cha kamawu. M'Chichewa sangasokoneze kukomoka ndi kutisiya, ndipo pamaliro akwawo ndi iye amene anthu amamudalira kukhazika mtima pansi amasiye. Lachisanu ali ndi msonkhano ndi abwana, ndipo ukakhala msonkhano wachilango lamulo limamulola kulowa ndi mnzake wapantchito kapena wa bungwe la ogwira ntchito. Amene muli naye pafupi, mmodzi apemphe tchuthi apite naye.