Game of Thrones inalakwitsa gawo lomaliza chifukwa chothamanga

Mpaka lero anthu akamakamba za mapeto a Game of Thrones, sewero la pa TV lochokera m'mabuku a George R. R. Martin, amakangana za amene anayenera kukhala mfumu: ena Jon Snow, ena Daenerys, ena Sansa. Maganizo anga ndi akuti mkanganowu ukuphonya pamene panavuta. Bran akanatha kukhala mfumu ife n'kuvomereza, Daenerys akanatha kuwotcha mzinda ife n'kulira naye. Chinasowa ndi nthawi yotifikitsa kumeneko.

Kuti muone bwino, bwererani ku gawo lomaliza la sizoni 6, lija linaonetsedwa pa 26 June 2016, lotsogoleredwa ndi Miguel Sapochnik. Limayamba mwakachetechete. Anthu akuvala, mabelu akulira, khamu likulowa m'kachisi wa Baelor kukaonera mlandu wa Loras ndi Cersei. Pansi pake pakumveka piyano, chida chimene Ramin Djawadi, wopeka nyimbo zake, anali asanachigwiritse ntchito m'sewero lonseli, ndiye khutu limadziwiratu kuti lero zinthu sizili bwino. Lancel akutsatira kamwana kulowa m'ngalande za pansi pa mzinda, kamubaya, iye n'kumakwawa kulunjika pa makandulo amene akutha pang'onopang'ono pamwamba pa madzi obiriwira oyaka moto otchedwa wildfire. Kumwamba Margaery wazindikira kuti Cersei ndi mwana wake, mfumu Tommen, sanabwere, akuchonderera kuti aliyense atuluke, koma High Sparrow, mkulu wa chipembedzo, sakumumvera. Kachisi akuphulika. Kenako kamera ikungoima pazenera, osasuntha: Tommen avula chisoti chachifumu, achoka, abwerera, n'kudziponya. Palibe mawu ngakhale amodzi.

Chimene chimapangitsa kuti zimenezi zigwire mtima si kukula kwa moto ayi. Motowo tinauona kale mphamvu yake mu sizoni 2, Tyrion atawotcha nawo zombo za Stannis pa Blackwater. Mu sizoni 3, ali m'bafa ku Harrenhal, Jaime anaululira Brienne kuti mfumu Aerys inabisa wildfire pansi pa likulu lonse la King's Landing. Mu gawo 8 la sizoni 6 momwemo, Qyburn ananong'oneza Cersei kuti mphekesera ija, imene tinadzazindikira kuti ndi ya wildfire, ndi yoona. Mbewu inadzalidwa zaka zinayi m'mbuyo, inathiriridwa kawiri, ndipo pokolola palibe anafunsa kuti zachokera kuti. Umu ndi momwe gawo lomaliza limagwirira ntchito: limabweza ngongole zimene magawo apitawo anatenga.

Tsopano werengani manambala. Sizoni 1 mpaka 6, iliyonse inali ndi magawo 10. Sizoni 7 inali ndi 7, sizoni 8 inali ndi 6 okha. M'magawo 6 amenewo munayenera kulowa nkhondo ya Night King, mtsogoleri wa gulu lankhondo la akufa, kugwa kwa Cersei, kusintha kwa Daenerys, nkhani ya makolo a Jon, ndi kusankha mfumu yatsopano. Pa nthawiyi mabuku a George R. R. Martin anali atatsala m'mbuyo, lachisanu linatuluka mu 2011, ndipo olemba sewerolo, David Benioff ndi D. B. Weiss, amayenda okha. Anathira ufa phala lisanawire, nsima n'kutuluka ya mibulu.

Mbulu waukulu ndi Daenerys. Ena amati zizindikiro zinalipo, ndipo zinalipodi: anapachika eni akapolo 163 ku Meereen, anawotcha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon. Koma onsewa anali anthu amene iye amawaona ngati adani. Mkazi yemweyu, kumapeto kwa sizoni 4, atamubweretsera mafupa a kamtsikana kamene chinjoka chake Drogon chinawotcha, anamangirira zinjoka zake zina ziwiri ndi maunyolo mumdima uku akulira. Kuchokera pamenepo kukafika powotcha ana m'misewu mzinda utagonja kale pamafunika masitepe, ndipo masitepewo anawapanikiza m'magawo atatu. Mlangizi wake Jorah wafa mu gawo 3, chinjoka chake Rhaegal ndi mnzake Missandei mu gawo 4, mlangizi wina Varys wamupereka kumayambiriro kwa gawo 5, mabelu ogonjera alira, basi wayamba. Choipa kwambiri n'chakuti atangoyamba kuwotcha, kamera imatsikira pansi kwa othawa, osatibwezeranso pankhope pake. Mphindi imene tinafunikira kukhala naye pafupi ndi imene anatichotsa. Emilia Clarke, amene ankasewera Daenerys, anachita mbali yake ndi mtima wonse, koma wosewera sangasewere zimene sizinalembedwe.

Malamulo a nkhondo nawo amasintha mlungu ndi mlungu. Mu gawo 4 mauta akuluakulu a Euron alasa Rhaegal ali m'mwamba ngati akulasa njiwa. Mu gawo 5 mauta omwewo, ochuluka kuposa kale, alephera kukhudza Drogon ngakhale kamodzi. A Dothraki, ankhondo apakavalo a Daenerys, tinawaona malupanga awo amoto akuzima mumdima ku Winterfell, koma pomaliza adzadza bwalo. Woonera akasiya kukhulupirira malamulo a dziko lanu, mantha amatha, chifukwa akudziwa kuti wolemba apulumutsa amene akufuna.

Ndiye pa 19 May 2019 gawo la 73, lomaliza, linafika, kuno ku Africa ambiri akuonera pa M-Net Lolemba 3 koloko m'bandakucha. Ndinene chilungamo, theka loyamba lili ndi zinthu zabwino. Tyrion akufukula njerwa n'kupeza dzanja lagolide la Jaime. Daenerys akutulukira pamasitepe, mapiko a Drogon n'kutambasuka kumbuyo kwake ngati ndi ake. Jon abaya Daenerys, chinjoka chisungunula mpando wachitsulo n'kunyamula mtembo. Zikanathera pamenepo, n'kupatsa zotsatira zake gawo lina lathunthu, bwenzi tikukamba zina.

Koma akudumpha masabata angapo osationetsa chinthu chofunika kwambiri. Grey Worm, mkulu wa asilikali a Daenerys, amene timuona akudula makosi a akaidi mumsewu, anamva bwanji kuti mfumukazi yake yaphedwa, ndipo chinamuletsa n'chiyani kupha Jon pomwepo? Sitikuuzidwa. Tikungopezeka pa msonkhano wa akuluakulu ku bwinja la Dragonpit, Tyrion ali m'maunyolo, mkaidi, ndi amene akusankhira dziko mfumu. Akuti palibe ali ndi nkhani yoposa ya Bran, munthu amene sanaoneke n'komwe mu sizoni 5 yonse, amenenso mu sizoni 7 anauza Sansa kuti sangakhale mbuye wa chilichonse. Sansa apempha kuti Kumpoto kudzilamulire, apatsidwa, ndipo Yara Greyjoy, amene Daenerys anamulonjeza ufulu womwewo mu sizoni 6, wangokhala duu. Kalonga wa ku Dorne nayenso chete. Sewero limene linatiphunzitsa kuti mafumu amaphana chifukwa cha mlatho umodzi linathetsa nkhani ya ufumu wonse pa msonkhano wa mphindi zochepa.

Anthu amakonda kutchula botolo lamadzi limene linaoneka kumapazi a Sam pa msonkhanowu, ndi kapu ya khofi ya mu gawo 4. Zimenezo amazifufuta pakompyuta, ndipo kapuyo anaifufutadi pasanathe masiku. Magawo amene sanalembedwe, aja akanationetsa Daenerys akusweka pang'onopang'ono ndi Bran akukhala munthu woti mafumu angamugwadire, amenewo palibe kompyuta ingawabwezere.