Chenjezo kwa osamalira mitengo ya poplar: chiwawu cha masamba si chochinyozera

Inu amene mumagwira ntchito m'manazale ndi m'minda ya poplar, mitengo yokula msanga yobzalidwira matabwa, lekani khalidwe lodutsa pamtengo wa masamba achikasu n'kumati ndi nyengo chabe. Imani, mutembenuze tsambalo. Mukapeza kunsi kwake timatuza tachikasu chofiirira, totuluka ufa wokanirira kuchala, dziwani kuti chimenecho ndi chiwawu, matenda obwera ndi nkhungu ya m'gulu la bowa yotchedwa Melampsora.

Nkhunguyi imalowera patimabowo timene tsamba limapumira, ndipo ikalowa siipha tsambalo msanga, koma imakhala m'kati mwake n'kumayamwa shuga amene tsambalo lapanga ndi kuwala kwa dzuwa, shuga amene anayenera kupita kuthunthu ndi kumizu. Timatuzato tikaphulika, khungu la tsamba limang'ambika, madzi n'kumatayika mosaletseka, mpaka tsamba limauma ndi kuthothoka nthawi yake isanakwane. Mtengo wotere umalowa m'nyengo yachisanu nkhokwe yake ili yopanda kanthu, motero nsonga zake zimapsa ndi chisanu, matenda ena amaupeza wofooka, ndipo zikabwerezeka zaka zingapo mtengo waung'ono umafa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti vutoli timalikulitsa tokha chifukwa cha dyera. Alimi a ku France ndi Belgium anadzaza minda yawo ndi mtundu umodzi wotchedwa Beaupré, pokhulupirira kuti sugwidwa chiwawu. M'chaka cha 1994 kunabuka nkhungu yogonjetsa chitetezo chimenecho, ndipo popeza mitengo yonseyo inali yodulidwa kuchokera kwa kholo limodzi, matendawa sanapeze chowatchinga. Kodi wobzala mtundu umodzi wokhawokha lero, mothithikana kotero kuti mame sauma pamasamba, angati sanamve zimenezi?

Musadzinamizenso kuti munda wanu uli patali. Ufa wa m'timatuza uja, umene ndi mbewu za nkhunguyi, umayenda ndi mphepo, ndipo mu 1973 unawoloka nyanja kuchoka ku Australia kukafika ku New Zealand.

Masamba ogwa musawasiye ali mbwee pansi, chifukwa nkhunguyo imagonera m'menemo nyengo yonse yachisanu, kenako n'kudumphira pamitengo ya larch, yofanana ndi paini, isanabwererenso kwa poplar. Asonkhanitseni, muwakwirire kapena muwatenthe. Sakanizani mitundu pobzala, musiye mpata wokwanira kuti mphepo izidutsa, ndipo nazale ya poplar musaiyike moyandikana ndi larch.