Ma list a ma transfer andikwana

Mundikhululukire koma lero ndapsa mtima. Pa gulu lathu la WhatsApp la basketball ya ma college a ku America wina waponya list ya ma transfer apamwamba, osewera amene asamuka sukulu ina kupita ina, kenako n'kumati timu yake yatenga kale chikho poti yagwira awiri a pamwamba penipeni. Season sinayambe, mpira sunadunde olo kamodzi. Aise, zoona?

Ma points amene munthu ankamwetsa kusukulu komwe wachoka si katundu woti amalongedza mchikwama n'kupita naye. Tsabola wakale sawawa. Uko mpira unali wake, amaponya mmene wafunira palibe womufunsa, pano wafika pomwe pali ma star anayi mpira umodzi, kochi wina, akumuuza kaime pakona udikire. Ndiye 20 pa gemu aitenga kuti?

AJ Storr ku Wisconsin ankapanga pafupifupi 17 pa gemu, atapita ku Kansas mu 2024 anatsikira cha m'ma 6, nthawi zambiri ali phee pa benchi. Kansas yomweyo inali nambala 1 season isanayambe, ili ndi Hunter Dickinson wochokera ku Michigan uja munkamutama ngati mpulumutsi, koma March 2025 Arkansas inawabweza kwawo gemu yoyamba yomwe ya mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Ine ndinachezera usiku ndi bundle yanga kuonera manyaziwo, m'mawa kuntchito maso ali psuu.

Chaka chomwecho chikho chinapita ku Florida, wosewera bwino kuposa onse Walter Clayton Jr. wochokera ku Iona, sukulu yoti ambirinu simungailoze pa mapu. Tristen Newton anachoka ku East Carolina n'kukatenga zikho ziwiri ndi UConn, 2023 ndi 2024. Anyamatawa anapeza kochi wodziwa powaika, basi. List yanuyo imayeza zimenezo? Imayeza za dzana, za kwina, ndi anthu ena.

Chiyambire 2021 munthu akasamuka sakhalanso chaka osasewera, kuphatikiza ndalama za NIL (zomwe osewera amalandira chifukwa cha dzina ndi chithunzi chawo), ndiye aliyense ali pamsewu.

Ndipo inu oonera ka highlight ka mphindi ziwiri pa YouTube n'kuyamba kutiphunzitsa, mukavidiyo kameneko amaikamo pomwe mnyamatayo akudutsidwa ngati chipata pa defence? Chinanso chondinyansa, umati waloweza mayina a timu yako, April kufika onse ali mu portal, momwe amalembetsa ofuna kusamuka. Jezi ndinavutikira kuitanitsa ija mwini dzina ali sukulu yachitatu pano.