Whisky ya maapozi ya nyengo yozizira: musaiwiritse

June akafika kuno ku Lusaka, mphepo ya usiku imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ambiri amayamba kusakaniza whisky ndi juwisi wa maapozi wotentha. Chakumwacho ndi chabwino, koma ambiri amachiwononga pa chinthu chimodzi: amathira zonse m'poto, whisky yomwe, n'kusiya kuti ziwire pa mbaula. Mowa umayamba kuwira pa madigiri pafupifupi 78, madzi asanawire n'komwe. Ndiye poto akamabwata, fungo lokoma la whisky ndi gawo lina la mphamvu yake zimathawira m'nthunzi. Mwalipira botolo kuti mununkhiritse khitchini basi.

Ine ndimati zokometsera ziphikidwe mu juwisi, whisky ilowe pomaliza, m'kapu.

Ya anthu anayi, tengani juwisi wa maapozi 750 ml. Werengani kaye pa paketi. Ngati sipanalembedwe 100%, mwina ndi madzi a shuga onunkhira apozi, ndipo akatentha amatsekemera ngati mankhwala a chifuwa. Ikanimo timitengo tiwiri ta sinamoni, ma clove anayi, jinja wamuwisi waukulu ngati chala chachikulu wodulidwa mopyapyala, ndi khungu la ndimu. Vundikirani, moto ukhale wochepa, mphindi 15 mpaka 20. Pamwamba pazingooneka tithovu, osati kubwata. Kenako sefani.

Apa m'pamene pali nkhani. Sinamoni waufa, uja wa m'timapaketi, musamugwiritse ntchito. Sasungunuka. Amayandama, kenako amakhala pansi pa kapu ali nanda, ndipo pomaliza kumwa mumameza matope. Timitengo mumatipeza m'mashopu a zokometsera ku Kamwala, ndipo mukatitsuka n'kutiyanika mutha kutiphikanso kachiwiri. Ma clove nawo ndi ankhanza. Ali ndi mafuta otchedwa eugenol, omwe aja amachititsa dzanzi pa dzino lopweteka. Anayi akwana, mukaika khumi lilime lichita dzanzi ndipo apozi simumumvanso. Khungu la ndimu sendani chachikasu chokha, chifukwa choyera cha mkati chija chimawawa chikaphikidwa. Jinja ndiye mutha kuwonjezera momwe mufunira, ndi amene amapereka moto weniweni pakhosi, ndipo ku Soweto Market sakwera mtengo.

M'kapu iliyonse thirani matoti awiri a whisky, ndiye kuti 50 ml, supuni yaing'ono imodzi ya uchi, masupuni aang'ono awiri a madzi a ndimu, kenako juwisi wotentha 150 ml. Takasani. Ngati mukugwiritsa ntchito tambula yagalasi, itsukeni kaye ndi madzi ofunda, apo ayi isweka m'manja.

Ndimu musamusiye. Juwisi ndi wotsekemera kale, uchi nawo ndi wotsekemera, ndiye popanda chowawasa chakumwacho chimalemera ndipo kapu yachiwiri imakola. Ngati mukufinya nokha maapozi, sankhani obiriwira aja a Granny Smith omwe amachokera ku South Africa. Ndi owawasa, choncho ndimu muchepetse theka. Ofiira okoma kudya aja amatuluka ozizira kukamwa akaphikidwa. Ndipo madzi ofinya nokha amada msanga akakumana ndi mpweya, ndiye dontho la ndimu lilowe nthawi yomweyo. Uchi, ngati mwapeza wakuda wa ku North-Western, wa ku Mwinilunga kapena Kabompo, yambani ndi theka la supuni chifukwa fungo lake ndi lamphamvu.

Nanga whisky iti? Osati yodula. Single malt, whisky yodula ya balere yekha yochokera ku fakitale imodzi, ya zaka 12 mukaithira sinamoni ndi uchi, zonse zimene munalipirira zimabisika. Blended wamba, wosakaniza mawhisky angapo, akwana. Jameson amagwirizana bwino ndi apozi chifukwa ndi wofewa. Bourbon, yomwe imapangidwa kwambiri ndi chimanga n'kusungidwa m'migolo yatsopano yowauka mkati, imabwera ndi kakomedwe ka vanila komwe kamakondana ndi sinamoni. Bain's ya ku South Africa, nayonso yachimanga, imachita chimodzimodzi. Zonunkhira utsi za ku Islay, chilumba cha ku Scotland, monga Laphroaig zisiyeni, utsi ndi clove zimalimbana. Koma kutsika mtengo kuli ndi malire ake, abale. Timabotolo tosadziwika kochokera, abale a tujilijili tomwe boma linaletsa mu 2012, sinamoni sangatikonze.

Ofuna yozizira masana dzuwa likawala, juwisi yemwe uja muzizitse, muchepetse akhale 100 ml, muthire pa ayisi. Koma uchi usungunuleni kaye m'madzi ofunda, muyezo wofanana, chifukwa ukakhudza ayisi umauma n'kumatirira ku supuni.

Chenjerani ndi mphamvu yake. Matoti awiri a whisky ya 43% m'kapu imodzi ndi mowa woposa wa m'botolo limodzi laling'ono la Mosi, ndipo poti ndi chotentha ndi chotsekemera, chimatsika osachimva. Komanso kufunda kumene mumamva kuja n'kwachinyengo. Mowa umatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, khungu limamva kutentha pamene thupi likutaya kutentha kwake. Amene akukagona panja pa maliro kapena mlonda wa usiku, mum'patse juwisi wa zokometsera yekhayo wopanda whisky, amakoma ndithu, ndipo ana nawo atha kumwa. Magetsi akathima n'kuphikira pa mbaula, itulutseni panja musanatseke mawindo. Utsi wa makala wosaoneka uja umapha munthu ali m'tulo, ndipo amene wamwako makapu awiri sadzuka msanga mutu ukayamba kupweteka.

Juwisi wotsala, ngati simunamuthire whisky, muikeni m'botolo lotseka bwino m'firiji. Amakhala masiku atatu, koma ma clove ndi timitengo muchotsemo, apo ayi mawa lake adzakhala owawa.