Pa Zomba musaiwale chiperoni

Mwanena zoona kuti Juni ndi Julaye ndi nyengo yabwino yopalasa njinga m'mapiri poti mvula imakhala itatha, koma chiperoni simunachitchule. Ine ndimapalasa pa phiri la Zomba, ndipo chikabwera, nkhungu imatseka moti mtengo uli pomwepa suuona. Tsiku lotero njira ya ku dzenje lakuya la Chingwe's Hole ndimaisiya chifukwa mbali imeneyo kuli phompho. Ndimangozungulira cha ku damu la Mulunguzi n'kubwerera.

Chinanso, pokwera kuzizira sukumva. Kuchoka m'tauni kukafika pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phirilo malaya amachita kunyowa ndi thukuta. Vuto limabwera potsika: mphepo imalowa m'malaya onyowawo, zala n'kuchita dzanzi mpaka mabuleki osagwirika bwino. Chaka chatha ndinaima kawiri panjira, manja nditapisa m'khwapa, kudikira kuti zala zitsitsimuke. Choncho jekete ndi magolovesi zikhale m'chikwama, muzivale musanayambe kutsetsereka.

M'nkhalango ya paini namo chenjerani, masamba ogwa aja akanyowa amaterera ngati therere. Ine ndimanyamuka cha m'ma 9 dzuwa litawomba, osati mbandakucha.